Mpando wa ku Logan: mafunso ndi mayankho pa chisankho chachipulula cha kudera la malasha

Pa 10 Meyi 2016, anthu a m'maboma asanu a kummwera kwa West Virginia, ku America, anavota posankha munthu woti adzaimire chipani cha Democratic pa mpando umodzi wa m'nyumba ya Seneti ya chigawo chawo. Opikisana anali awiri: Art Kirkendoll, yemwe mpandowo unali kale m'manja mwake, ndi Richard Ojeda, msilikali wopuma pantchito. Kutatsala masiku awiri kuti anthu avote, Ojeda anamenyedwa mpaka kuthyoka mafupa a kumaso. Anapambanabe. Papita zaka ndithu chichitikireni zimenezi, koma nkhaniyi ikadali yoyenera kuifukula, chifukwa imaonetsa mmene ndale zimayendera kumalo kumene moyo wa anthu unatsamira pa mgodi, mgodiwo n'kuyamba kutha.

Mpando umenewu ndi wotani? Si uja wa ku Washington?

Ayi. Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, makhothi ake ndi nyumba yake ya malamulo. Ya West Virginia imakumana mumzinda wa Charleston ndipo ili pawiri. Kuli nyumba ya Delegates, ya aphungu 100 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse, komanso Seneti ya aphungu 34, awiriawiri kuchokera m'madera 17, aliyense wokhala zaka zinayi. Awiri a dera limodzi sasankhidwa chaka chimodzi, choncho pa zaka ziwiri zilizonse dera limavotera mpando umodzi.

Si ntchito yolemeretsa. Pa nthawiyo malipiro ake anali madola 20,000 pachaka, ndipo aphunguwo amakhala m'nyumbayo masiku 60 okha kumayambiriro kwa chaka, pokhapokha akaitanidwa mwapadera. Ambiri amakhala ndi ntchito zawo zina. Ron Stollings, amene anali pa mpando wina wa dera lomweli, ndi dokotala wa m'tauni ya Madison.

Dera tikunenali ndi la nambala 7, lomwe chaka chimenecho linkakuta maboma a Logan, Boone ndi Lincoln, ndi mbali zina za Mingo ndi Wayne. Ndi dziko la mapiri othithikana ndi zigwa zopapatiza, kumene mtsinje, njanji ya sitima za malasha, msewu ndi mzere umodzi wa nyumba zimapanikizana pansi pa chigwa, dzuwa n'kumachedwa kutuluka ndi kufulumira kulowa.

Chisankho chachipulula kumeneko amachititsa ndani?

Ku Malawi tinazolowera kuti chipulula ndi nkhani ya m'kati mwa chipani. Akuluakulu achipani ndiwo amalemba mayina a nthumwi, amasankha tsiku ndi bwalo, ndipo nthawi zambiri ovota amafola kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, aliyense akuona. Ku West Virginia chipulula chimachititsidwa ndi boma, ndi ndalama za misonkho, pa tsiku loikidwa ndi lamulo: Lachiwiri lachiwiri m'mwezi wa Meyi. Zipani zikuluzikulu zimavota tsiku lomwelo, m'malo ovotera omwewo, mwachinsinsi. Munthu polembetsa m'kaundula amanena chipani chake, ndipo pa tsikulo amapatsidwa pepala la chipanicho. Mu 2016, amene sanalembetse chipani chilichonse ankaloledwa kupempha pepala la chipani chimene wafuna. Wapeza mavoti ambiri ndiye wapambana, ngakhale asafike theka, ndipo palibe chibwereza.

Chofunika kwambiri n'chakuti akuluakulu achipani alibe mphamvu yochotsa dzina la munthu pa pepala. Ukakwaniritsa zofunika pa lamulo, n'kupereka kalata yako ndi ndalama yolembetsera m'mwezi wa Januwale, dzina lako lilowa basi, kaya mabwana akukufuna kaya sakukufuna. Ojeda analowera khomo limeneli.

Kusiyana kwina kuli pa wogonja. Kwathu akagwa pachipulula amakaima payekha, ndipo pa chisankho cha 2019 aphungu 55 analowa m'Nyumba ya Malamulo ngati oima paokha. Ku West Virginia lamulo limatseka njira imeneyi. Mu 2018 Don Blankenship, mkulu wakale wa kampani ya malasha ya Massey Energy, atagonja pachipulula cha Republican pa mpando wa Seneti ya ku Washington, anafuna kuimira chipani china chaching'ono, koma khothi lalikulu la chigawocho linamukaniza. Ndiye chifukwa chake chipulula cha kumeneko chimakhala chowawa. Ukagwa mu Meyi, chaka chimenecho wathera pomwepo.

Nanga bwanji anthu ankati chisankho chenicheni ndi cha Meyi, osati cha Novembala?

Yankho lake liyambire zaka zoposa 100 zapitazo. M'zigwa zimenezi kampani ya malasha inali chilichonse. Nyumba yogona wantchito inali ya kampani, sitolo ya kampani, dokotala wa kampani, ndipo malipiro ena ankaperekedwa m'timakobidi ta kampani togula m'sitolo yomweyo yokha. Wolowa bungwe la ogwira ntchito m'migodi la United Mine Workers ankachotsedwa ntchito ndi kutulutsidwa m'nyumba pamodzi ndi banja lake. Pa 19 Meyi 1920, m'tauni ya Matewan ku Mingo, alonda aganyu amene anabwera kudzatulutsa mabanja m'nyumba anawomberana ndi anthu a m'tauniyo, ndipo panafa anthu khumi. Ku Logan, mkulu wa apolisi wa bomalo, Don Chafin, ankalandira ndalama kwa eni migodi kuti bungwe lisapondemo phazi. Kumapeto kwa Ogasiti 1921, ogwira ntchito m'migodi pafupifupi 10,000 ananyamula mfuti kulunjika ku Logan, n'kukakumana ndi anthu a Chafin pa phiri la Blair. Anawomberana kwa masiku angapo, ndege za mbali ya Chafin zikuponya mabomba, mpaka boma la ku Washington linatumiza asilikali.

Ogwira ntchitowo anagonja, ndipo bungwe lawo linafooka kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mu 1933, malamulo a Pulezidenti Franklin Roosevelt, wa chipani cha Democratic, anawapatsa ufulu wolowa bungwe, ndipo m'miyezi yochepa migodi ya kummwera konse inalowa. Kuyambira pamenepo chipanichi chinasanduka cholowa cha pabanja. Chinalamulira nyumba ya malamulo ya chigawocho zaka zoposa 80, mpaka 2014. M'maboma ngati Logan, mipando yambiri a Republican sankaivutikira n'komwe kuikapo munthu.

Zotsatira zake n'zoti aliyense wofuna kukhala ndi mawu pa za amene akhale mkulu wa apolisi, woweruza, kapena phungu, ankalembetsa Democratic, kaya mtima wake uli kwina. M'busa wodana ndi kuchotsa mimba, mwini mgodi, mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito, onse anali m'chipani chimodzi, ndipo nkhondo zawo zonse ankamenyera m'kati momwemo, mu Meyi. Umboni woti dzina lachipani silinkatanthauzanso maganizo amodzi unaoneka mu 2012. Pachipulula cha upulezidenti, mkaidi wina wa m'ndende ya ku Texas, Keith Judd, amene analembetsa dzina lake ali m'ndende momwemo, anapeza mavoti pafupifupi 41 pa 100 aliwonse polimbana ndi Barack Obama, yemwe anali pulezidenti wolamula. Anthuwo sankamudziwa Judd. Ankangofuna kuti ku Washington kumve kuti akwiya.

Opikisana awiriwa anali anthu otani?

Kirkendoll anali mwana wa m'nyumba. Anakhala zaka pafupifupi 30 mu komishoni ya boma la Logan, kagulu ka anthu atatu kamene kamayendetsa bajeti ya bomalo. Mpando wa Seneti anaupeza koyamba mu 2011 mochita kuikidwa. Mwini wake, Earl Ray Tomblin, nayenso wa ku Logan, amene anatsogolera Senetiyo kuyambira 1995, anali atakwera kukhala bwanamkubwa, ndipo anapereka mpando wake wakale kwa Kirkendoll. Mu 2012 anthu anamutsimikizira ndi voti. Pofika 2016, tsono, wolimbana naye ankalimbana ndi munthu wa bwanamkubwa m'boma la kwawo kwa bwanamkubwayo.

Ojeda anakulira ku Logan komweko. Agogo ake aamuna anachokera ku Mexico kudzagwira ntchito m'migodi. Iye anakhala zaka 24 ku usilikali, anamenya nawo nkhondo ku Iraq ndi ku Afghanistan, n'kupuma ali pa udindo wa meja. Atabwerera kwawo anayamba kuphunzitsa achinyamata za usilikali pa sekondale ya ku Chapmanville, n'kuyambitsa kagulu kodzipereka kotola zinyalala m'misewu, kugawa nsapato kwa ana asukulu ndi kupereka chakudya kwa osowa. Kawirikawiri ankanena kuti umphawi umene anaupeza kwawo unamudzidzimutsa ngakhale anali ataona mayiko a nkhondo. Ndi munthu wolankhula mokweza, wa mphini za inki thupi lonse, wosasankha mawu. Mu 2014 anayesa kulanda mpando wa ku Washington kwa Nick Rahall, amene anaukhalapo kuyambira 1977. Anagonja, koma anapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 aliwonse alibe ndalama zodziwika, ndipo ochenjera anaona kuti munthuyu si wongomuseka.

Ndiye kuti mkangano wawo unali wa malasha, wina kufuna migodi ipitirire, wina kufuna itsekedwe?

Apa m'pamene anthu akunja amaphonya. Onse awiri anali kumbali ya malasha. M'dera limeneli woima pa nsanja n'kunena kuti migodi itsekedwe sangapeze mavoti ngakhale a abale ake. Chaka chomwecho, mu Malichi, Hillary Clinton, amene ankafuna kuimira chipani cha Democratic pa upulezidenti, analankhula ku Ohio mawu omveka ngati akulonjeza kuti ogwira ntchito m'migodi ambiri ndi makampani awo atha ntchito. Anafotokoza pambuyo pake kuti ankanena zoti anthuwo asaiwalidwe, anafika mpaka ku Williamson m'boma la Mingo sabata imodzi chipulula chisanachitike, koma anthu anamulandira ndi zikwangwani ndi kukuwiza. Pa 10 Meyi pomwepo Bernie Sanders anamugonjetsa pachipulula cha upulezidenti m'maboma onse 55 a West Virginia.

Kuti timvetse chimene Kirkendoll ndi Ojeda ankalimbirana, tione zimene zinali zitachitikira malashawo. Cha m'ma 1950, migodi ya West Virginia inkalemba anthu oposa 100,000. Pofika 2016 otsala sankakwana 15,000. Andale ankaloza chala Obama ndi malamulo ake oteteza chilengedwe, ndipo malamulowo anakankhadi malo ena akale opangira magetsi kuti atsekedwe msanga. Koma ntchito zambiri zinali zitatha kale Obama asanamveke n'komwe. Makina okumba analowa m'malo mwa manja, makampani anayamba kuphulitsa nsonga za mapiri ndi anthu ochepa m'malo molowa pansi ndi anthu ambiri, mizere yonenepa ya malasha inatha n'kutsala yopyapyala yodula kukumba, malasha otchipa a ku Wyoming analanda msika, kenako kunabwera gasi wotchipa wokumbidwa pansi pa mapiri omwewo. M'miyezi yosakwana khumi ndi iwiri chisankhochi chisanachitike, makampani akuluakulu anagwa motsatizana: Patriot Coal mu Meyi 2015, Alpha Natural Resources mu Ogasiti, Arch Coal mu Januwale 2016, Peabody mu Epulo.

Mgodi ukatsekedwa sagwa ndi wantchito yekha. Pa nthawiyo chigawo chinkadula msonkho wa 5 pa 100 pa mtengo wa malasha okumbidwa, ndipo gawo lina limabwerera ku maboma amene malashawo achokera. Makina a m'migodi nawo amalipiridwa msonkho umene umathandiza kuyendetsa sukulu. Ku Boone, boma limene linali patsogolo pokumba malasha, ndalama zimenezi zinagwa mwadzidzidzi moti mu 2016 sukulu zina zinatsekedwa, antchito ambiri a zamaphunziro anachotsedwa, otsalawo n'kudulidwa malipiro.

Tsono funsani: migodi ikatha, ntchito yodalirika yotsala ili kuti? Ili kusukulu, kuchipatala, ku ofesi ya boma, ku dipatimenti ya misewu. Uphunzitsi, kuyendetsa basi ya ana asukulu, kuphika pasukulu, ulonda, kontrakiti yokonza mlatho. Ntchito zimenezi zili m'manja mwa anthu osankhidwa ndi anzawo. Kale ukalankhula zosakomera kampani unkataya nyumba. Tsopano anthu ankaopa kuti ukaika chikwangwani cholakwika pakhomo pako, mkazi wako sapitirira pantchito yake ya kusukulu, mwana wako sadzaitanidwa ku intavyu. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo kudera kopanda ntchito aliyense amadziwa kuti galu wa mfumu ndi uti.

Kampeni ya Ojeda inali pamenepa. Ankafunsa poyera, makamaka pa Facebook, za kayendedwe ka ndalama za boma, za kulembana ntchito pachibale, ndi za mantha amene anthu anali nawo. Otsatira Kirkendoll ankayankha kuti dera losauka limafuna munthu wodziwa makomo a ku Charleston, woti akaimba foni bwanamkubwa amayankha. Yankho limeneli si lachabe. Gogo amene msewu wake unakonzedwa chifukwa cha foni imodzi sakunama akamati dongosololi linamuthandiza. Vuto lake n'lakuti thandizo lobwera ngati chifundo cha munthu limatha kuchotsedwa tsiku limene wamukhumudwitsa munthuyo, ndipo anthu okhala motero sangafunse mafunso. Ine ndikuona kuti chisankhochi chinali chofunsa ngati munthu wa ku Logan angatsutse akuluakulu a kwawo n'kukhalabe ndi podyera.

Pa 8 Meyi panachitika zotani kwenikweni?

Linali Lamulungu. Ojeda anapita ku phwando lootcha nyama m'boma la Logan, la mtundu uja andale amapitako kukagwirana chanza ndi anthu. Bambo wina, amene ankadziwana naye kuyambira ali ana, anamupempha kuti akamumatire sitika ya kampeni pa galimoto yake. Ojeda anamata kumbuyo. Bamboyo anati amatenso ina kutsogolo. Atawerama kuti amate, anamenyedwa kuchokera kumbuyo mpaka kukomoka, ndipo anapitiriza kumenyedwa ali pansi. Anthu amene anali pamalopo ndiwo analeretsa. Womenyayo anathawa, n'kukadzipereka yekha kupolisi patapita maola angapo.

Ojeda anagonekedwa m'chipatala ku Charleston ndi mafupa angapo a kumaso othyoka. Chithunzi chake ali pabedi, maso atatupa mpaka kutsekeka, chinafalikira dziko lonse la America. Iye ananena mosapsatira kuti chiwembucho chinali chandale. Kirkendoll anakana kuti sizikumukhudza, anadzudzula nkhanzazo, ndipo sanaimbidwe mlandu uliwonse. Womenyayo anavomera mlandu mu 2017 n'kulamulidwa kukakhala kundende pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zisanu.

Ndiye kuti anapambana chifukwa anthu anamumvera chisoni?

Chisoni chinalipo, ndipo m'dera limene aliyense amadziwa mnzake chithunzi chotere chimayenda msanga. Koma kunena kuti chisoni chokha ndicho chinamupatsa mpando n'kuwachepetsa ovota. Ku West Virginia anthu amaloledwa kuvota masiku angapo tsiku lenileni lisanafike, ndipo kuvota kotereku kumatha Loweruka, kutanthauza kuti mavoti ena anali ataponyedwa kale iye asanamenyedwe. Komanso kusiyana kwake sikunali kwa tsitsi limodzi. Mwa anthu pafupifupi 20,000 amene anavota, Ojeda anapeza pafupifupi 55 pa 100 aliwonse.

Chimene kumenyedwako kunachita ndi kuika nkhope pa nkhani imene iye wakhala akunena miyezi yonse, yakuti ku Logan ukatsegula pakamwa umaona zakuda. Munthu amene ankaopa kuika chikwangwani cha Ojeda pakhomo anali ndi malo amodzi oyankhira popanda womuona, ndiwo m'kachipinda kovotera. Ubwino wa voti yachinsinsi pachipulula umaonekera pa nthawi ngati imeneyi. Anthu omwewo akanauzidwa kuti afole kumbuyo kwa amene akumufuna, mabwana awo akuyang'ana, ndikukayika ngati mzere wa Ojeda ukanatalika chotero.

Mu Novembala anagonjetsa Jordan Bridges wa Republican ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 aliwonse, pa tsiku lomwe Donald Trump anatenga pafupifupi 80 pa 100 aliwonse m'boma la Logan. Anthu masauzande anavotera Trump pamwamba pa pepala, Ojeda m'munsi mwake. Ojeda mwiniyo anavotera Trump chaka chimenecho, ndipo pambuyo pake ananena poyera kuti ananong'oneza bondo.

Timamva kuti kumeneko mavoti amagulidwa. Ndi zoona, kapena ndi kunyoza anthu a kumapiri?

Kunyoza kulipo, ndipo anthu a m'mapiri a Appalachia atopa nako kujambulidwa ngati mbuli. Koma mbiri ya kugula mavoti m'maboma amenewa inalembedwa m'makhothi. Njira yake yakale inali ya mndandanda. Gulu lililonse la akuluakulu m'chipani linkasindikiza kapepala ka mayina a anthu ake, kuyambira bwanamkubwa mpaka woweruza wamng'ono. Wofuna kulowa pa kapepalako ankapereka ndalama, ndalamazo n'kupita kwa anyamata onyamula ovota pa galimoto, ena n'kumapatsidwa timadola kapena kabotolo ka mowa. Ngakhale chipulula chotchuka cha 1960, chimene John F. Kennedy anagonjetsa Hubert Humphrey ku West Virginia n'kutsegula njira yake ya ku White House, chinadutsa m'manja mwa akuluakulu a mindandanda a ku Logan.

Sizinathere m'zaka zimenezo. Mu 2004 mkulu wa apolisi wa boma la Logan anavomera mlandu wokhudza kugula mavoti. Pa kafukufuku yemweyo apolisi ofufuza a FBI anachita chinthu chimene mpaka lero anthu amatsutsana ngati chinali choyenera: anaimika meya wakale wa tauni ya Logan ngati wopikisana nawo wabodza pachipulula cha mpando wa nyumba ya Delegates, kuti akole ogula mavoti. Anatuluka mumpikisano tsiku lovota lisanafike, koma dzina lake linatsalira pa pepala ndipo anthu oposa 2,000 anamuvotera. Ku Lincoln, mkulu wa apolisi ndi mlembi wa bomalo anavomera mu 2012 milandu yokhudza chinyengo cha mavoti otumiza pa chipulula cha 2010. Onani kuti milandu yonseyi ndi ya chipulula. Wakuba amapita kumene kuli katundu, ndipo mphamvu inali mu Meyi.

Pa chisankho cha 2016 cha Kirkendoll ndi Ojeda panalibe mlandu wotere. Koma ovota ankaikumbukira mbiriyi, ndipo munthu wonena za katangale sankafunika kuwafotokozera zambiri.

Nanga makampani a malasha amalowa pati?

Amalowa ndi ndalama, ndipo sasamala kwenikweni mtundu wa chipani. Chitsanzo chodziwika ndi cha Blankenship uja. Mu 2004 anawononga madola pafupifupi 3 miliyoni pothandiza Brent Benjamin kupambana mpando wa woweruza m'khothi lalikulu la chigawo, pa nthawi imene kampani yake inali ndi chigamulo cholipira madola 50 miliyoni chodikira apilo m'khothi lomwelo. Benjamin anakana kuchoka pa mlanduwo, ndipo khothilo linagamula mokomera Massey. Mu 2009 khothi lalikulu la dziko lonse linati woweruzayo anayenera kuchoka. Chaka chotsatira, pa 5 Epulo 2010, mgodi wa Massey wa Upper Big Branch unaphulika n'kupha anthu 29. Blankenship anapezeka wolakwa pa mlandu wopangana kuphwanya malamulo a chitetezo cha m'migodi, n'kulamulidwa chaka chimodzi. Analowa m'ndende sabata yomweyo ya chipulula tikukambachi.

Anthu a ku Logan ali ndi bala lawo lakale. Pa 26 Febuluwale 1972, damu la matope a malasha la kampani ya Pittston linaphulika kumtunda kwa chigwa cha Buffalo Creek, madzi akuda n'kusesa midzi yotsatizana m'chigwacho. Anafa anthu 125, masauzande anasowa pokhala. Choncho munthu wa kumeneko akamati ali kumbali ya malasha, musafulumire kuganiza kuti ali kumbali ya kampani. Ambiri amakonda ntchitoyo, amanyadira kuti makolo awo anayatsa magetsi a dziko lonse, koma amadziwanso amene anapha agogo awo ndi fumbi la m'mapapo. Ojeda ankalankhula kuchokera pakati pamenepa: malasha inde, bungwe la ogwira ntchito inde, mabwana othawa ndi penshoni za anthu ayi.

Phungu mmodzi mwa 34, wa chipani chochepa m'nyumbamo, angasinthe chiyani?

Zambiri zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku zimagamulidwa ku Charleston, osati ku Washington: msonkho wa malasha, malamulo ena a chitetezo cha m'migodi, malipiro a aphunzitsi, inshulansi ya zaumoyo ya ogwira ntchito m'boma. Ndipo voti imodzi imalemera. Pambuyo pa chisankho cha 2014 Seneti inagawika pakati, 17 kwa 17, mpaka phungu mmodzi wa Democratic, Daniel Hall, anawolokera ku Republican. Ndi mavoti 18 amenewo, mu Febuluwale 2016 nyumbayo inakhazikitsa lamulo loletsa kukakamiza wantchito kupereka ndalama ku bungwe la ogwira ntchito, ngakhale bwanamkubwa Tomblin analikana. M'chigawo cha phiri la Blair, limeneli linali bala lalikulu kwa mabungwe.

Ojeda anakhala pa mpandowo zaka ziwiri zokha, koma anasiya zinthu ziwiri zooneka. Mu 2017 anatsogolera bilu yololeza chamba ngati mankhwala, ndipo inadutsa m'nyumba yolamulidwa ndi a Republican. Anailimbikira chifukwa cha asilikali anzake ovulala komanso chifukwa cha mliri wa mapiritsi oletsa ululu umene unali kupha anthu m'dera lake. Nyuzipepala ya Charleston Gazette-Mail inali itangoulula kuti sitolo imodzi ya mankhwala m'katauni ka Kermit ku Mingo, ka anthu pafupifupi 400, inalandira mapiritsi oterewa pafupifupi 9 miliyoni m'zaka ziwiri.

Chachiwiri ndi sitalaka ya aphunzitsi ya 2018. Mu Januwale chaka chimenecho anaimirira m'nyumbamo kuchenjeza anzake kuti aphunzitsi atopa ndi malipiro ochepa ndi inshulansi yokwera mtengo. Oyamba kunyanyala anali a ku Mingo, Logan ndi Wyoming, maboma a malasha, ana ndi adzukulu a anthu a m'migodi, ena atavala mipango yofiira m'khosi pokumbukira a pa phiri la Blair. Kuyambira pa 22 Febuluwale sukulu za m'maboma onse 55 zinatsekedwa kwa masiku asanu ndi anayi a sukulu, mpaka boma linavomera kukweza malipiro ndi 5 pa 100. Sitalakayo anaikonza ndi aphunzitsi eni ake, oyendetsa mabasi ndi ophika, ndipo ulemu wake ndi wawo. Koma zinawathandiza kuti m'kati mwa nyumbayo munali munthu wolankhula chinenero chawo, amene sanalowemo ndi chilolezo cha wina aliyense.

Mpandowo unathera kuti?

Ojeda anathamangira zazikulu. Mu Novembala 2018 anapikisana pa mpando wa ku Washington n'kugonja kwa Carol Miller wa Republican, 56 kwa 44, m'dera limene Trump anapambana ndi mavoti oposa 70 pa 100 aliwonse zaka ziwiri m'mbuyomo. Patangopita masiku ochepa analengeza kuti akufuna upulezidenti. Mu Januwale 2019 anatula pansi mpando wake wa Seneti, ndipo mwezi womwewo usanathe anasiyanso za upulezidentizo. Apa ndiye analakwa, ndipo amene analipira ndi anthu aja anamuvotera ali pabedi la chipatala. Anamupatsa zaka zinayi, iye anagwira ziwiri.

Lamulo limati mpando ukatsala wopanda munthu, komiti ya chipani imapereka mayina atatu, bwanamkubwa n'kusankhapo limodzi. Bwanamkubwa pa nthawiyo anali Jim Justice, mwini migodi ya malasha, amene anapambana chipulula cha Democratic pa 10 Meyi 2016 pomwepo, n'kuwolokera ku Republican mu Ogasiti 2017 ali pa nsanja imodzi ndi Trump ku Huntington. Justice anasankha Paul Hardesty, mkulu wa bodi ya zamaphunziro ku Logan, amene ankagwiranso ntchito yonyengerera aphungu m'malo mwa makampani, kuphatikizapo a Justice yemweyo. Ojeda anakwiya poyera, koma analibenso voti. Mpando umene anthu anaulanda ndi manja awo unabwerera kwa munthu woikidwa, monga mmene Kirkendoll anaupezera mu 2011.

Mu 2020 mpandowo unapita kwa Rupie Phillips wa Republican, amene kale anali phungu wa Democratic m'nyumba ya Delegates. Mu 2021 olembetsa Republican anaposa a Democratic m'chigawo chonse, ndipo chisankho cha 2024 chitatha, a Republican anali ndi mipando 32 mwa 34 ya Seneti ndi 91 mwa 100 ya nyumba inayo. Chigawocho chabwerera ku ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo chisankho chogamula zinthu chikadali cha mu Meyi, kungoti pepala lake lasintha. Chipani cha Republican chinagwirizana kuti kuyambira 2026 anthu osalembetsa chipani chilichonse asamavote nawo pachipulula chake, kotero wa ku Logan wofuna kukhala ndi mawu pa phungu wake ayenera kukasintha kalembera wake, monga agogo ake analembetsera Democratic zaka 90 zapitazo.